PAKHONDE LA MKULU WA MPINGO: Ndime Imodzi Si Munda Wonse

Mwezi uno tikambirane funso limene lakhala likumveka kawirikawiri m'makalasi, m'misonkhano ya Umanyano ndi pamaliro pomwe kuno ku Chitipa. Funsolo ndi ili: ngati Baibulo ndi limodzi, ndipo onse akuti akuwerenga m'menemo, nanga bwanji aliyense akutulukamo ndi chiphunzitso chakechake? Wina akuti tsiku la kutha kwa dziko analiwerengera kale, wina akuti mitala ndi yololedwa, winanso akuti gogo wakutiwakuti ayenera kuchotsedwa pamudzi. Onsewa akatsutsidwa amatsegula buku, naloza chala pa ndime, nafunsa kuti, kodi sizinalembedwe? Mkhristu wodzichepetsa akaona ndimeyo amasowa chonena, popeza anaphunzitsidwa kuyambira ku Sande sukulu kuti Mau a Mulungu satsutsidwa.

Poyamba tinene pamene ife tiima, kuti wina asatimve molakwa. Pamene mpingo wathu wa CCAP unakhazikitsidwa ku Livingstonia mu 1924, a Livingstonia ndi a Blantyre atagwirana manja, a Nkhoma nadzalowamo mu 1926, makolo athu anavomereza kuti Mau a Mulungu opezeka m'Chipangano Chakale ndi Chatsopano ndiwo muyeso waukulu wa chikhulupiriro ndi makhalidwe athu. Palibe mbusa, mkulu wa mpingo, mneneri, loto kapena mwambo wa makolo umene uli pamwamba pa Mauwo. Sinodi yomwe ili pansi pake. Paulo pa 2 Timoteo 3:16 akutiuza kuti Malembo anachokera kwa Mulungu mwini, ndi kuti ntchito yake ndiyo kutiphunzitsa, kutidzudzula ndi kutiwongola. Pamenepa sitigwedezeka. Koma funso lotsala ndi lakuti: kodi munthu aliyense wotchula ndime ya m'Baibulo ali ndi ulamuliro wa Baibulo kumbuyo kwake? Yankho lake ndi iyai.

Woyamba kuloza chala pa ndime

Tsegulani Mateyu mutu 4. Mdierekezi ataona kuti Ambuye Yesu amyankha ndi Malembo pa yesero loyamba, nayenso anatola Malembo. Anamuimika pamwamba pa Kachisi, namuuza kuti adziponye pansi, natchula lonjezo la m'Salmo 91 lonena za angelo osunga anthu a Mulungu. Mau amene anatchulawo alimodi m'Baibulo. Taonani tsono mmene Ambuye anachitira. Sananene kuti Salmo lija ndi lonama. Anatenga Lemba lina, Deuteronomo 6:16, loletsa kuyesa Mulungu, naliika pambali pa loyamba lija. Ndipo mau awiriwo atakhala pamodzi tanthauzo linaoneka poyera, lakuti Mulungu amasunga anthu ake oyenda m'njira zake, koma sanalonjeze kusunga munthu wodziponya dala kuti aone ngati Mulungu alikodi.

Apa ndi pamene pachokera lamulo lalikulu la mipingo yathu ya Chipresibiteriyani, lakuti Lemba limamasulira Lemba linzake. Akuluakulu amene anasonkhana ku Westminster, mumzinda wa London, namaliza chivomerezo chao mu 1646, anaphunzitsa zinthu ziwiri zoyenera kuzisunga. Choyamba, zimene munthu ayenera kudziwa kuti apulumuke zinalembedwa momveka, kotero kuti ngakhale wosapita patali ndi sukulu angathe kuzimva. Chachiwiri, si malo onse m'Baibulo amene ali omveka mofanana, ndipo malo ovuta ayenera kuunikidwa ndi malo omveka bwino. Mtumwi Petro yemwe anavomera pa 2 Petro 3:16 kuti m'makalata a Paulo muli zina zovuta kuzizindikira, zimene anthu osakhazikika amazipotoza nadzipweteka nazo okha.

Mwina achinyamata ambiri sadziwa kuti manambala a mitu ndi ndime sanalembedwe ndi aneneri kapena atumwi. Mitu imene tigwiritsa ntchito lero inakonzedwa ndi Stephen Langton, amene anadzakhala bishopu wamkulu wa ku Canterbury, namwalira mu 1228. Manambala a ndime za m'Chipangano Chatsopano anaikidwa ndi Robert Estienne, wosindikiza mabuku, ku Geneva mu 1551. Anachita bwino, pakuti popanda iwo mlaliki akadavutika kutiuza potsegula. Komabe manambalawa ali ngati zikhomo zimene timakhoma m'munda pogawa ndime za olima. Munthu amene walima ndime yake imodzi ya mawere sanganene kuti wadziwa munda wonse. Paulo polembera Aroma analemba kalata, ndipo kalata imawerengedwa kuyambira pa moni mpaka pa kutsazika. Ife amene tigwira choko m'sukulu za pulaimale tidziwa kuti mwana wongokopera chiganizo chimodzi osawerenga nkhani yonse amalephera mayeso, ngakhale chiganizocho atachikopera bwino chotani.

Tsiku limene silinafike

Mbiri ya kumpoto kuno ili ndi zotiphunzitsa. Elliot Kamwana, Mtonga wophunzira ku Bandawe ndi ku Livingstonia, anakumana ndi Joseph Booth ku South Africa, nalandira chiphunzitso cha Charles Taze Russell wa ku America. Atabwerera kwao mu 1908 analalikira kuti ufumu wa Khristu udzafika mu 1914, ndi kuti msonkho udzatha. M'miyezi yowerengeka anabatiza anthu oposa 9,000 m'dera la Nkhata Bay, kufikira boma la atsamunda linamchotsa m'dziko mu 1909. Chaka cha 1914 chija chinachokera m'masamu: anatenga nthawi zisanu ndi ziwiri zotchulidwa pa Danieli mutu 4, naziyesa zaka 2,520, nawerenga mpaka kufika pa chakacho.

Sitinena izi monyoza anthu amene anamtsata. Ambiri anali ndi njala yeniyeni ya ubatizo, popeza mishoni inkawasunga m'kalasi zaka zambiri, ndipo msonkho unali kuwawawadi. Koma njala ikakula munthu amadya ndi zosapsa zomwe. Mutu 4 wa Danieli ukukamba za mfumu Nebukadinezara, kudzikuza kwake ndi kuchepetsedwa kwake. Danieli mwiniwake anamasulira lotolo pomwepo. Ndipo pali malo omveka amene akadaunikira malo ovutawo: Marko 13:32 ndi Machitidwe 1:7, pamene Ambuye akuti tsiku ndi nthawi zili m'manja mwa Atate okha. Chaka cha 1914 chinafika ndi nkhondo, imene inamenyedwa ngakhale pa Karonga pompa, koma msonkho sunathe. Lero mukamva wina pa wailesi kapena pa foni akuwerengera tsiku, mudziwe kuti njira imeneyo ena anaiyenda kale.

Kodi Abrahamu sanali ndi mitala?

Chitsanzo chachiwiri chili pakhomo pathu penipeni. Mpingo wa Last Church of God and His Christ, umene unayamba mu 1925 ndipo ambiri amautcha wa Ngemela, ndiponso African National Church imene inadza pambuyo pake, inalola mitala, poloza kwa Abrahamu, Yakobo ndi Davide. Anthu a mipingo imeneyi ndi anansi athu ndi abale athu. Timalira nao maliro, timamwa nao pachitsime chimodzi, ndipo sitiyankhula za iwo mwachipongwe. Koma mwana wathu akafunsa chifukwa chake mpingo wathu uphunzitsa za mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, sikokwanira kumuyankha kuti ndi lamulo la sesoni. Ayenera kuonetsedwa m'buku.

Muonetseni kusiyana kwa zimene Baibulo lisimba ndi zimene Baibulo lilamula. Lisimba kuti Nowa analedzera, kuti Yakobo ananamiza atate wake, kuti Petro anakana Mbuye wake. Palibe amene anena kuti tizichita zomwezo. Momwemonso lisimba za mitala, ndipo silibisa zipatso zake: Hagara ndi mwana wake kupirikitsidwira kuchipululu, Leya ndi Rakele kulimbirana mwamuna, Hana kulira chifukwa cha chitonzo cha Penina, ana a Davide kuphana okhaokha, ndi mtima wa Solomo kupotozedwa pa 1 Mafumu 11. Ndipo pamene Afarisi anafunsa Ambuye za ukwati pa Mateyu 19, Iye anawapitirira Mose, nabwerera kuchiyambi, ku Genesis 1 ndi 2, kumene Mulungu analenga mwamuna ndi mkazi, awiriwo nakhala thupi limodzi. Ambuye anatiphunzitsa pamenepo kuti zina zinaloledwa chifukwa cha kuuma mtima kwa anthu, koma cholinga cha Mlengi sichinasinthe.

Ndime imene yakhetsa mwazi

Tifike tsono pa nkhani yowawa koposa. Mu 1925 Tomo Nyirenda, mwana wa kumpoto kuno amene anaphunzira ku Livingstonia, anadzitcha Mwana Lesa pakati pa Alala, m'dziko limene lero tilitcha Zambia. Anasandutsa ubatizo kukhala chida chogwirira afiti, ndipo anthu oposa 100 anamizidwa m'madzi kumeneko ndi ku Katanga, iye asananyongedwe mu 1926. Tikadakonda kunena kuti zimenezi zinatha ndi nthawi ya makolo. Koma mu January 2016, ku Neno, nkhalamba zinai zinaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwao, mphenzi itapha mtsikana. Ndipo ndani wa ife, kuyambira ku Kameme mpaka ku Nthalire, amene sanamvepo za gogo wothamangitsidwa kapena kutenthedwa nyumba, mwana akamwalira mwadzidzidzi? Chomvetsa chisoni ndi chakuti pakati pa onyamula miyala pamakhala obatizidwa, ndipo ukawafunsa amakutsegulira Eksodo 22:18, ndime yonena za chilango cha imfa kwa wanyanga.

Tiyeni tiwerenge munda wonse. Lamulo limenelo linaperekedwa kwa Israyeli monga mtundu wokhala ndi oweruza ake ndi mabwalo ake, m'gulu limodzi ndi malamulo ena opereka imfa kwa mwana wotemberera makolo ndi kwa munthu wogwira ntchito pa Sabata. Palibe mwa ife amene aponya miyala mwana wachipongwe, chifukwa tidziwa kuti mpingo wa Chipangano Chatsopano sunapatsidwe lupanga. Aroma 13 akuti lupanga lili ndi olamulira. Nanga bwanji tisankhapo ndime imodzi yokha, imene igwirizana ndi mkwiyo wathu?

Ngakhale m'chilamulo cha Mose momwemo munthu sankaphedwa chifukwa cha mphekesera. Deuteronomo 17:6 afuna mboni ziwiri kapena zitatu, ndipo Deuteronomo 19 alamula kuti mboni yonama ilandire chilango chomwecho chimene inafunira mnzake. Loto la mwana si umboni. Maso ofiira a gogo amene waphika pa utsi zaka 60 si umboni. Ndipo taonani chodabwitsa: Deuteronomo 18:10-12, pamene aletsa nyanga, aletsanso kuombeza maula. Choncho munthu amene apita kwa woombeza kukafunsa amene wapha mwana wake, nabwerako ndi dzina la azakhali ake, waswa kale chilamulo chimene akuti akuchiteteza.

Nanga atumwi anatani atakumana ndi anyanga? Simoni wa ku Samariya, pa Machitidwe 8, Petro anamdzudzula kolimba namuuza kuti alape. Ku Efeso, pa Machitidwe 19, ochita zamatsenga atatembenuka anatentha mabuku ao. Anapsa ndi mabuku, anthu ai. Pamwamba pa izi pali malo omveka amene mwana wa Sitandade 3 angawamve: lamulo loletsa kupha, lamulo loletsa umboni wonama, Levitiko 19:32 wolamula kulemekeza aimvi, ndi 1 Timoteo 5 wotiuza kuti akazi okalamba tiwatenge ngati amai athu. Boma nalonso, m'lamulo lokhudza za ufiti limene linakhazikitsidwa mu 1911, liyesa mlandu kutchula munthu kuti ndi mfiti. Akulu a mpingo anzathu, mphekesera yotere ikayamba m'dera lanu musadikire Lasabata. Pitani ku nyumba ya wonenezedwayo tsiku lomwelo, mukhale pakhonde pake anthu akuona, ndipo mudziwitse amfumu ndi apolisi.

Mphatso ya zinenero zathu

Wina angafunse kuti, nanga ife osadziwa Chihebri ndi Chigriki tingathe bwanji zimenezi? Kuno ku Chitipa Mulungu anatipatsa thandizo limene ena alibe. Kuyambira zaka za m'ma 1880, pamene amishoni a Livingstonia anatsegula malo kwa Mweniwanda m'mbali mwa msewu wa Stevenson, Uthenga wakhala ukumveka kuno kudzera m'kumasulira. M'chalichi chimodzi mumakhala olankhula Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chinamwanga ndi Chitumbuka, ndipo pamsika timamvanso Chiswahili ndi Chibemba. Mwana wa kuno amadziwa asanayambe sukulu kuti liwu limodzi lingathe kumveka mosiyana tsidya lino ndi tsidya lija la Songwe.

Mabuku 66 a m'Baibulo analembedwa m'Chihebri, m'Chiaramu ndi m'Chigriki. Zimene tili nazo m'manja ndi ntchito ya omasulira okhulupirika: Chipangano Chatsopano cha Chinyanja cha Dr. Robert Laws mu 1886, Buku Lopatulika limene linatha mu 1922 motsogozedwa ndi William Murray, Baibulo lonse la Chitumbuka mu 1957, ndi Buku Loyera mu 1998. Pamene Buku Lopatulika lilemba Yehova, Buku Loyera lilemba Chauta. Mtumbuka akuti Chiuta, Mngonde Kyala, Mbemba Lesa, ndipo Mulungu ndi yemweyo. Choncho wina akamanga chiphunzitso chonse pa liwu limodzi la m'Baibulo la chinenero chimodzi, itanani mnzanu wa Baibulo la chinenero china, muwerenge pamodzi. Kawirikawiri mudzapeza kuti chinsinsi chachikulu chija chinali liwu lakale limene tanthauzo lake linaiwalika. Zotere si zachilendo. Pa Nehemiya 8, Ezara ataimirira kuwerenga chilamulo, Alevi anayenda pakati pa anthu kuwatanthauzira kuti amve zowerengedwazo, ndipo anthu anapita kwao akukondwera chifukwa anazindikira.

Kwa inu achinyamata

M'mawa uliwonse pa WhatsApp ndi pa Facebook pamayenda ndime zokongoletsedwa ndi maluwa. Si choipa, koma musakhute nazo. Yeremiya 29:11 ndi lonjezo lokoma la tsogolo labwino; werengani ndime 10, mudzaona kuti linalembedwa kwa akapolo a ku Babulo amene anauzidwa kuti adikire zaka 70, pamene aneneri onama anali kuwalonjeza kubwerera msanga. Afilipi 4:13 ambiri amailemba pachikuto cha kope nthawi ya mayeso. Werengani ndime 11 ndi 12, mudzapeza Paulo ali m'ndende, akunena za mphamvu yokhalira wokhutira pa njala ndi pa chakudya chomwe. Mukawerenga chotero lonjezo silichepa. Limakula, chifukwa limakugwirani ngakhale tsiku limene mayeso sanayende bwino.

Musaopenso kufunsa. Anthu a ku Bereya, pa Machitidwe 17:11, anayamikiridwa chifukwa ankasanthula Malembo tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zonena za Paulo zinali zoona. Ngati mtumwi anayesedwa ndi Malembo, koposa kotani mkulu wa mpingo, kapena mneneri wofuna ndalama zanu ndi kukuuzani kuti muleke mankhwala a kuchipatala? Mdindo wa ku Etiopiya, pa Machitidwe 8, anali munthu wamkulu wosunga chuma cha mfumukazi, koma sanachite manyazi kuvomera kuti afunika womtsogolera. Safunsa anadya phula. Ndipo inu makolo, mwana akafunsa funso lovuta musamkalipire ngati wosakhulupirira. Mukamtseka pakamwa inu, adzakafunsa kwa ena amene ali ndi mayankho ofulumira.

Mafunso asanu oyenera kufunsa

Tsono wina akakutsegulirani ndime, kapena inu nomwe mukamawerenga, funsani mafunso awa.

1. Kodi ndime za pamwamba ndi za pansi pake zikuti chiyani? Werengani mutu wonse musanayankhe.

2. Akuyankhula ndani, kwa yani, ndipo pa nthawi iti? Mau a abwenzi a Yobu ali m'Baibulo, koma pa Yobu 42:7 Mulungu akuti sananene zoona za Iye.

3. Kodi ndi mau a mtundu wanji: mbiri, lamulo, nyimbo, mwambi, kalata kapena masomphenya? Ife eni miyambi tidziwa kuti wonena kuti mutu umodzi susenza denga sakukamba za udzu ndi phaso.

4. Kodi Malembo ena, makamaka omveka bwino, akuti chiyani pa nkhani yomweyo?

5. Kodi kumasuliraku kukutifikitsa kwa Khristu? Pa Luka 24 Ambuye anaonetsa ophunzira awiri a ku Emau kuti Mose ndi aneneri onse anali kunena za Iye, ndipo pa Mateyu 22 anapachika chilamulo chonse pa kukonda Mulungu ndi kukonda mnzathu. Kumasulira kumene kutha ndi nyumba ya mkazi wamasiye ili phulusa kwasokera panjira.

Zonsezi zichitike ndi pemphero, pakuti Mzimu amene anauzira Malembo ndi yemweyo amene atsegula mitima. Ndiponso zichitike pamodzi ndi abale, pakuti Baibulo linaperekedwa kwa mpingo, ndipo munthu wowerenga yekha nthawi zonse sakhala ndi womuwongola.

Ntchito ya mwezi uno ndi iyi. Banja lililonse liwerenge Uthenga wa Marko wonse, mitu 16, mutu umodzi madzulo aliwonse mutatha kudya nsima. Ana awerenge mokweza, agogo amvetsere, ndipo amene ali ndi Baibulo la chinenero china abwere nalo. Pamene simunamve lembani papepala, mukafunse abusa kapena mkulu wa dera lanu. Mwezi wa mawa, Mulungu akalola, tidzakambirana za maloto ndi masomphenya, ndi mmene Mkhristu angaziyesere. Chisomo cha Ambuye chikhale ndi mabanja anu onse.